MBALE ZA M'SUTIKESI KWA CHIKWEO: MONO KAPENA STEREO?

Munthu wochokera ku Liwonde akafuna kukafika kwa Chikweo amadzera pa Ntaja ndi pa Nselema, kenaka n'kupatuka pa msewu waukulu kulunjika chakum'mawa, kumene kuli nyanja ya Chiuta ndi malire a dziko la Mozambique. Limeneli ndi dera la Ayao ndi Alomwe, dera la mpunga, chinangwa ndi nsomba. Monga madera ena a boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe, nalonso lidatumiza amuna ake kukagwira ntchito kunja. Mwa amuna amenewo otsala ndi owerengeka, koma katundu wina amene adabwera naye akadalipo. M'nyumba zina, kunsi kwa bedi, mumapezeka sutikesi yachitsulo ya dzimbiri, ndipo mukaitsekula, pansi pa zikalata zakale ndi jekete lodyedwa ndi njenjete, mumaona mbale za galamafoni zitasanjikizana.

Pakati pa mbale iliyonse pali kapepala kozungulira kolembedwa dzina la nyimbo, dzina la woimba ndi la kampani. Munthu akayang'anitsitsa, pena amapeza mawu aang'ono akuti mono, pena akuti stereo, pena palibe kalikonse. Mdzukulu wa mwini sutikesi, amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, sachedwa kugamula mlandu: stereo ndiyo yabwino popeza ndi yatsopano, monga momwe njinga yamoto iposera yakapalasa. Koma anthu amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mbale zakale, ku Johannesburg, ku London ngakhale ku Tokyo, kawirikawiri amayamba atola ya mono. Chifukwa chake n'choyenera kuchidziwa mbalezo zisanagulitsidwe, zisanasweke, ndiponso singano yolakwika isanadutsepo.

MMENE ZIDAFIKIRA

Njira zinali ziwiri. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankangolitchula kuti Wenela, n'kukwera ndege mpaka ku Francistown, kuchoka apo pa sitima kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene aliyense ankati ku Joni. Ena ankadziyendera okha kupita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi m'mafamu a fodya a ku Rhodesia. M'chaka cha 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa adapitirira 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa Francistown, nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu opita adachepa, ndipo mu 1988 idatheratu.

Wobwerako ankayenera kuoneka kuti wabwerako. Njinga, bulangete, wotchi ndi makina osokera zinali umboni, koma umboni womveka mudzi wonse udali galamafoni. Zoyamba zidali zopukusa ndi dzanja, zosafuna batire, zoimba mbale zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Pa mbale zotere ndi pomwe padatuluka "Mbube" ya Solomon Linda, yojambulidwa ndi kampani ya Gallo mu 1939, "Skokiaan" ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, imene idawanda dziko lonse lapansi mu 1954, nyimbo za Dorothy Masuka pa kampani ya Troubadour, ndi kwela wa chitoliro cha Spokes Mashiyane. Ku America kampani ya RCA Victor idatulutsa kambale kakang'ono ka mainchesi 7 kozungulira ka 45 pa mphindi m'chaka cha 1949, koma kummwera kwa Africa mbale za 78 zidapitirira kudindidwa mpaka m'zaka za m'ma 1960, popeza ogula ambiri adalibe magetsi.

Timbale ta 45 tidadzafika pamodzi ndi gumbagumba ya mabatire. Apo ndiye padamveka simanjemanje wa Mahlathini ndi Mahotella Queens, ochokera ku nthambi ya Gallo yotchedwa Mavuthela imene Rupert Bopape adayambitsa mu 1964. Padamveka rumba ya ku Congo, kanindo wa ku Kenya, ndi mawu ozizira a Jim Reeves, amene mbale zake zidalowa m'nyumba zambiri m'Malawi muno ngakhale mwini wake adafa pa ngozi ya ndege mu 1964. Mawu akuti chimbale, amene lero oimba amatchulira nyimbo zawo zatsopano ngakhale zili m'foni, adachokera ku mbale zomwezi.

Chofunika kuchisunga m'mutu ndi ichi: makina onsewa, kuyambira galamafoni yopukusa, wailesi ya Saucepan Special imene idayamba kugulitsidwa mu 1949, wailesi ya Nzeru ya ku Blantyre, kufikira gumbagumba zambiri za m'midzi, ankatulutsa mawu pa khomo limodzi. Anthu a kwa Chikweo adavina mono kwa zaka zambirimbiri asakudziwa kuti ili ndi dzina.

MAKUTU AWIRI, KANJIRA KAMODZI

Mawu awiriwa ndi ochokera ku Chigiriki. Mono ndiye kuti chimodzi kapena chokha, pamene stereo amachokera ku liwu lotanthauza chinthu cholimba, chokhala ndi thupi. Mphunzitsi wa sayansi angathe kuonetsa kusiyana kwake popanda chida chilichonse. Ammange mwana mmodzi nsalu kumaso, amuimike pakati pa kalasi, wina awombe m'manja pakona. Womangidwayo adzaloza kumene kwachokera phokoso, pakuti mawu amafika msanga ndiponso mwamphamvu ku khutu limene lili pafupi. Kusiyana kwa nthawiyo sikukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo umakuwerenga. Akatseka khutu limodzi ndi chala, kuloza kuja kumayamba kusokonekera.

Amene adaganiza zonyenga makutu mwa njira imeneyi ndi Alan Blumlein, katswiri wa kampani ya EMI ku England. Mu 1931 adakhumudwa poonera kanema, chifukwa wosewera ankayenda mbali ina ya chinsalu pamene mawu ake ankatulukira mbali ina. Chaka chomwecho adalembetsa nzeru yake ku boma, ndipo mu 1934 adaiyesa pojambula gulu la London Philharmonic Orchestra ku Abbey Road. Iye sadaone zipatso zake. Adafa mu 1942, ali ndi zaka 38, ndege yankhondo imene ankayeseramo makina a radar itagwa. Mbale za stereo zidadzayamba kugulitsidwa mwaunyinji mu 1958.

Pa mbale pali kanjira kamodzi kokha, kozungulira kuchokera m'mphepete kukathera pakati. Kanjirako kali ngati ngalande ya makoma awiri otsetsereka. Pa mbale ya mono makoma onse awiri amanena chimodzi, ndipo singano imangogwedezeka cham'mbali, uku ndi uku. Pa mbale ya stereo khoma lililonse lili ndi uthenga wakewake, lina wa sipika ya kumanzere, lina wa ya kumanja, kotero kuti singano imayenera kugwedezeka cham'mbali ndiponso kukwera ndi kutsika. Kanthu kakang'ono kameneka tidzakabwerera, pakuti ndi pamene mbale zambiri zimafera.

NDIWO IMODZI, OPHIKA AWIRI

Anthu ambiri amaganiza kuti mono ndi stereo ndi nyimbo imodzimodzi, kusiyana kwake ndi masipika basi. Pa mbale za m'zaka za m'ma 1960 sizili choncho. Oimba ankajambulidwa pa tepi yokhala ndi mizere iwiri, itatu kapena inayi, mzere wina ng'oma ndi magitala, wina mawu. Pambuyo pake munthu ankakhala pansi n'kusakaniza mizereyo, kukweza ichi, kutsitsa icho, kuthira kamkokomo apa, kudula apo. Kusakanizaku kunkachitika kawiri, ka mono pakokha, ka stereo pakokha, nthawi zina pa masiku osiyana ndiponso ndi manja osiyana. Zili ngati amayi awiri opatsidwa nkhwani, nsinjiro, matimati ndi mchere zofanana. Miphika yawo siingafanane kukoma.

Tsono funso la wosonkhanitsa mbale ndi lakuti: kodi ndi mphika uti umene mwini nyimbo adalawa? Pa timbale ta 45 yankho lake kawirikawiri ndi mono. Achinyamata ogula timbaleti adali ndi makina a sipika imodzi, nyumba za wailesi zinkaulutsa mono, ndipo nyimbo inkagwa kapena kukwera malinga ndi mmene yamvekera pa kawailesi kakang'ono. Ku kampani ya Motown, imene Berry Gordy adayambitsa ku Detroit mu 1959, ankayesa nyimbo pa kasipika konga ka m'galimoto isanatuluke. Phil Spector, amene adakonza "Be My Baby" ya Ronettes mu 1963, ankaunjika zoimbira zambiri kuti zimveke ngati chinthu chimodzi, ndipo sankafuna kuti womvera azigawanitse. Brian Wilson wa Beach Boys khutu lake la kumanja lidali logontha. Mbale yake yotchuka ya Pet Sounds idatuluka mu 1966 atayisakaniza m'mono, ndipo stereo yake yeniyeni idadzapangidwa mu 1997.

Chitsanzo chimene akatswiri adachifufuza kuposa zonse ndi cha gulu la Beatles. Kunena zoona, nyimbo zawo sizidavinidwe m'midzi ngati simanjemanje. Zinkafika ndi ana a sekondale, aphunzitsi ndi makalaliki. Koma mabuku a situdiyo yawo adasungidwa bwino, motero zimene zidachitika zimadziwika tsiku ndi tsiku. Pa zaka zambiri za ntchito yawo anyamatawa ankakhalapo posakaniza mono, koma stereo ankaisiyira George Martin ndi akatswiri a makina. Timbale tawo tonse ta 45 ta ku Britain tidatuluka m'mono kufikira "Get Back" mu April 1969. Koyamba ka stereo kadali "The Ballad of John and Yoko", mwezi wotsatira.

Zotsatira zake zimamveka ndi khutu wamba. Pa "Please Please Me" ya 1963, stereo idalumikizidwa kuchokera ku maulendo ena a kujambula, ndipo m'ndime yomaliza John Lennon amaphonya mawu n'kumveka ngati akuseka. Pa mono cholakwacho palibe. Pa "Help!" ya 1965 mawu a oimba pa mono ndi ojambulidwa padera, osiyana ndi a pa stereo. "She's Leaving Home" ya 1967 imathamangirapo pa mono, ndipo liwu limakwera pang'ono. Pa stereo ndi yozizira. Mu 1968 zinthu zidatembenuka pa "Helter Skelter": stereo ndiyo yaitali, nyimbo imazilala n'kubweranso mpaka woimba ng'oma afuula, pamene mono imathera panjira. Munthu amene ali ndi mbale zonse ziwiri sali ndi nyimbo imodzi kawiri ayi.

Palinso vuto limene akuluakulu ovina pa gumbagumba angalikumbukire. Nyimbo zoyambirira za Beatles zidajambulidwa pa mizere iwiri, zoimbira kwina, mawu kwina, cholinga chili chakuti posakaniza mono kukhale kosavuta kulinganiza. Pamene kampani idafuna stereo, mizere ija idangoikidwa mmene idaliri, wina kumanzere, wina kumanja, pakati pali mbee. Mbale yotere ikaikidwa pa makina a masipika awiri amene imodzi idaduka waya, kapena imodzi yakwezedwa mu mtengo wa mango ina yatsala m'nyumba, anthu pabwalo amamva magitala ndi ng'oma, woimba akungomveka chapatali ngati ali kutsidya kwa dambo. Mwini makina amayamba kupukuta singano ndi kutukwana mabatire, osadziwa kuti theka la nyimbo latsala m'waya.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Stereo itayamba kugulitsidwa pa mtengo wokwererapo, makampani adayang'ana nyimbo zakale zimene zidajambulidwa m'mono mokha, naona ndalama. Adapeza njira yozipaka utoto. Ankatenga mawu amodzi omwewo, okhuthala n'kuwakankhira ku sipika imodzi, opyapyala ku inzake, mbali imodzi n'kuichedwetsa pang'ono, pamwamba n'kuthira mkokomo wonga wa m'chitsime. Kampani ya Capitol inkatchula zimenezi Duophonic. Ya RCA idachita chimodzimodzi ndi nyimbo zoyamba za Elvis Presley, ndipo pa mapeto a nambala ya mbale inkaikapo kachilembo ka e. Pa chikuto pamalembedwa stereo ndi zilembo zikuluzikulu, mawu oulula chinyengocho ali m'munsi mwa tizilembo tofuna mandala. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuigwira stereo yabodza sikufuna sukulu yapamwamba. Mverani sipika imodzi payokha, kenaka inzake. Pa stereo yeniyeni mudzapeza choimbira china mbali imodzi chimene mbali inayo chikumveka pang'ono kapena kulibe. Pa yabodza zonse zili mbali zonse ziwiri, kungoti kwina zikumveka ngati zafunditsidwa bulangete, kwina ngati zili m'chitini.

Nayonso mono ili ndi yabodza yake. Kuyambira cha m'ma 1968, pamene makampani aakulu a ku America ankasiya kudinda mbale zikuluzikulu za mono, ena adaleka kusakaniza kawiri. Ankangotenga stereo n'kuphatikiza mbali zake ziwiri kukhala imodzi. Pochita zimenezi, zimene zili pakati, monga liwu la woimba, zimakwera kuposa mmene zidakonzedwera, za m'mbali n'kubwerera m'mbuyo. Mono yotere ilibe chatsopano, ndipo wodziwa saiwerengera ngati ija yosakanizidwa payokha.

Kapepala ka pakati kakakhala chete, umboni wina uli pa malo osalala a pakati pa nyimbo ndi kapepalako. Mukapendeketsa mbale pa dzuwa mudzaona manambala ozokotedwa. Pa timbale ta EMI ta ku Britain, monga ta Beatles, zilembo za 7XCE zimasonyeza mono, za 7YCE stereo. Pa zikuto za mbale zikuluzikulu za Parlophone, PMC ndi mono, PCS ndi stereo. Mbale zambiri za m'masutikesi athu zidadindidwa ku South Africa kapena ku Rhodesia ndi makampani okhala ndi chilolezo, monga Teal imene inkadinda za RCA, ndipo manambala amenewa amathandiza kudziwa gwero la mawuwo. Komabe woweruza womaliza ndi khutu, pakuti zilipo mbale zolembedwa stereo zimene m'kati mwake muli mono yeniyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZATHU ZOMWE

Tikafika pa nyimbo za kuno kwathu mkanganowu umasintha nkhope, chifukwa zambiri za nthawi imeneyo zilibe stereo n'komwe. Hugh Tracey, amene adayambitsa International Library of African Music mu 1954, adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 kujambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Ankagwira maikolofoni imodzi m'manja, n'kumaisendeza kwa woimba bangwe, kenaka kwa oyankha, kenaka ku ng'oma. Kusakaniza kwake kudali komweko, pabwalo, ndi mkono wake. Palibe mizere yoti wina adzailekanitse. Wailesi ya MBC itayamba mu 1964 idajambula oimba ambiri pa matepi ake kuti iziwaulutsa, ndipo kuulutsako kudali kwa mono. Kampani ya Nzeru Record Company, imene idatulutsa timbale ta oimba a m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sidakhalitse.

Mphamvu ya mbale zobwera ndi matchona imaoneka pa abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba. Banja lawo lidakhalako ku Salisbury, ndipo kwela amene adamva kumeneko adamusandutsa wawowawo. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo mu 1972 nyimbo zawo zidakamveka ku Ulaya. Kwela amene adawalera adali wa pa mbale za mono, chitoliro, gitala ndi besi ya chingwe chimodzi zonse zikutulukira pa khomo limodzi.

Nyimbo zoterezi zikatulutsidwanso masiku ano pa CD kapena pa intaneti, ena amazisiya mmene zidaliri, ena amazikonza. Amachotsa kuthetheka kwa singano mpaka mawu a chitoliro n'kufota nawo, kapena amathira mkokomo kuti zimveke zazikulu. Wofuna kudziwa mmene oimbawo adamvekera alibe kwina kopita koposa ku mbale yoyambayo.

Ndipo pena mbaleyo ndiyo yokha yatsala. Tepi idali yokwera mtengo, motero makampani ndi nyumba za wailesi m'maiko ambiri ankafufuta zakale n'kujambulapo zina. Ngakhale EMI, ndi chuma chake chonse, sidasunge matepi oyambirira a "Love Me Do" ya 1962 ndi "She Loves You" ya 1963. Kwa zaka 60 stereo iliyonse ya nyimbo ziwirizi idali yopaka utoto, kufikira mu 2023 pamene kompyuta idaphunzitsidwa kulekanitsa mawu ndi zoimbira kuchokera pa mono. Ngati zidatero ndi gulu lotchuka pa dziko lonse, nanji gulu la anyamata anayi limene lidajambula timbale tiwiri n'kubalalika? Kambale kawo kamene ana akukasandutsa gudumu la galimoto yamawaya kangathe kukhala komaliza.

Apa tisachite kukondera. Stereo ili ndi ulemerero wake, ndipo kwaya kapena gulu lalikulu la zoimbira likajambulidwa bwino m'stereo, womvera amakhala ngati walowa m'chipinda momwemo. Kuyambira cha m'ma 1970, matepi a mizere 8, 16 ndi 24 atafika, oimba adayamba kukhalira stereo, mono n'kusanduka yongophatikiza. Pa mbale za nthawi imeneyo wotola mono ndiye waluza. Alipo osonkhanitsa ena amene amalambira mono ngati chipembedzo, nagula chilichonse cholembedwa dzinalo. Amenewo asokera mofanana ndi mdzukulu uja.

SINGANO

Tibwerere ku makoma awiri aja. Mutu wa makina akale a mono udapangidwa kuti singano izigwedezeka cham'mbali mokha. Ikaikidwa pa mbale ya stereo, pamene kanjira kakuikankhira m'mwamba iyo siigonja, imangolima. Nyimbo imamveka ndithu, mwini wake n'kumasangalala, koma ulendo uliwonse ukupala makoma, ndipo zopalidwazo sizibwerera. Kuika tambala pamutu pa mkono wa makina kuti singano isadumphe, monga ankachitira ambiri, kumangofulumizitsa imfayo. Koopsa koposa ndi kuika kambale ka 45 pa galamafoni yopukusa. Mutu wake umalemera magalamu oposa 100, pamene makina a masiku ano amatsamira ndi magalamu awiri okha, ndipo singano yachitsulo imatha kupha kambale kofewako ulendo umodzi.

Singano zimasiyananso kunenepa. Ya mbale za 78 nsonga yake ndi yonenepa pafupifupi katatu kuposa ya timbale ta 45 ta mono, ndipo ya stereo ndi yowondererapo. Singano yowonda ikalowa m'kanjira ka 78 imakafika pansi pa ngalande n'kumakokota fumbi, nyimbo n'kumveka ngati mvula pa malata. Singano zachitsulo za galamafoni zidapangidwa kuti ziimbe mbali imodzi ya mbale n'kutayidwa, n'chifukwa chake zinkagulitsidwa zambirimbiri m'kachitini. Kumidzi, sitolo ili kutali, anthu ankazinola pa mwala, ndipo mbale zotuwa zimene timazipeza lero ndi zipsera za mwala umenewo.

Njira yosavulaza ndi yotembenuza: mbale ya mono pa makina a stereo a mkono wopepuka imaimba bwino popanda choopsa. Ngati makinawo ali ndi kabatani kolembedwa mono, kakanikizeni. Nyimbo ili m'kugwedezeka kwa cham'mbali, pamene phokoso lambiri la fumbi ndi zokala lili m'kukwera ndi kutsika, ndipo mbali ziwiri zikaphatikizidwa gawo la phokosolo limazimirira. Mbale imene imamveka ngati chimanga chokazinga imatha kuyera modabwitsa.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Mbale ziimikidwe chilili ngati mabuku, kutali ndi dzuwa ndi kutentha kwa malata, pakuti za 45 zimapindika ndipo za 78 zimasweka zikapsinjika. Chiswe sichidya mbale, koma chimamaliza zikuto ndi timapepala ta pakati, pamene pali dzina la woimba. Potsuka, madzi oyera ndi sopo pang'ono pa kansalu kofewa n'zokwanira, kapepala kosanyowetsedwa. Mbale za 78 zidapangidwa ndi utomoni wotchedwa shellac, wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi maiko oyandikana nalo, ndipo utomoniwu umasungunuka ndi spiriti. Wotsuka mbale yotere ndi spiriti kapena kachasu amatsuka ndi nyimbo yomwe.

Wogula akafika pakhomo, mwini mbale asafulumire kupereka sutikesi yonse pa mtengo umodzi. Si mbale yakale iliyonse imene ili ndi ndalama. Za Jim Reeves zidadindidwa miyandamiyanda, ndipo ngakhale zili zokondedwa, mtengo wake ndi wochepa. Zosowa ndi zija zimene eni ake amaziyesa zachabe: za magulu a kuno kwathu, za ku Zambia, za ku Mozambique, za makampani aang'ono amene adafa kale. Apa mwana wa sukulu ali ndi ntchito. Atenge kope, alembe za mbale iliyonse dzina la nyimbo, woimba, kampani, nambala ya pa kapepala ndi yozokotedwa ija, ajambule chithunzi mbali zonse ziwiri, ndipo afunse agogo kumene adaigula ndi chaka chake, iwo akadali moyo. Mphunzitsi wa mbiri yakale amene angatume kalasi lake ntchito imeneyi adzapeza m'makopemo mapu a maulendo a anthu a m'dera lake.

Chimene chidagonetsa mbale m'sutikesi ndi kaseti, imene kampani ya Philips idatulutsa mu 1963 koma idadzafala kuno patapita zaka. Siinkadumpha pa njinga, ndipo munthu ankatha kujambulapo yekha. Ku Balaka, komwe kudali mbali ya boma la Machinga kufikira 1998, gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nyimbo za Paul Banda, Lucius Banda ndi anzawo zidadzaza dziko pa makaseti. Nayonso kaseti idapita. Lero wachinyamata wa pa msika wa Chikweo amalowetsa nyimbo m'kakhadi ka foni, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi kasipika kamodzi, kamene kamaphatikiza mbali ziwiri za stereo monga ankachitira makampani aja mu 1968. Pobwera ku sukulu ana awiri amagawana timawaya ta m'makutu, wina ka kumanzere, wina ka kumanja. Itati iwafikire "Please Please Me" ya stereo yakale ija, mmodzi adzamva magitala ndi ng'oma, mnzakeyo adzamva John Lennon akuphonya mawu m'ndime yomaliza.